PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA KUSAMBA, KUDZOLA NDI KUYAMIKA

Nyengo ya cisanu yafika, mwera ulikuomba, ndipo ana ambiri alikufika ku sukulu ali mbuu, miyendo yotuwa ngati anagona paphulusa, milomo yong'ambika, ndi zidendene zong'aluka. Cifukwa cace tati mwezi uno tiphunzire pamodzi za cobvala cimene munthu ali yense abadwa naco, nalowa naco m'manda, koma osaciyang'ana bwino kufikira citayamba kumbvuta, ndico khungu. Kapena ena adzati, Kodi imeneyi ndi nkhani ya kulemba m'kalata wa Mpingo? Kusamba adziwa ndi mwana yemwe. Inde, kusamba tidziwa tonse. Koma kusamba maso ali kuona, ndi mtima uli kukumbukira, adziwa owerengeka okha. Ndipo amene adzatiphunzitsa m'phunziro ili ndiwo anthu amene makolo athu anali kuwathawa, ndiwo odwala khate.

Khungu ndi nchito zace

Khungu la munthu wamkuru, likadayalidwa pansi, likadakhala ngati mphasa ya mamita 2 m'litali mwace ndi mita 1 m'mimba mwace, kapena kucepa pang'ono.  Liri ndi mbali ya pamwamba yopyapyala, ndi ya pansi yocindikala, m'mene muli mitsempha ya mwazi, mitsempha ya kumva, ndi mizu ya ubweya. Mbali ya pamwambayo siikhalitsa. Ifundula pang'ono pang'ono masiku onse, yatsopano niphuka pansi pace, kotero kuti pakutha mwezi umodzi kapena kuposapo pang'ono, munthu wabvala khungu lina osadziwa, osalipira kanthu kwa telala. Njoka ikafundula tiona cimene yasiya m'njira. Ife tifundula mosaoneka, ndipo zina za litsiro limene ticotsa ndi cinkhupule ndilo khungu lathu lakale.

M'khungumo muli tizitsime ta thukuta toposa 2 miliyoni. Mwezi wa October, pamene munthu alikusosa m'munda dzuwa liri paliwombo, thukuta ndilo limsunga ndi moyo. Pakuti likamauma pathupi licotsa kutentha, monga madzi a mumtsuko azizira cifukwa mtsukowo ukha cinyezi kunja kwace. Cotero thupi likhala pafupi pa madigiri 37, kungakhale kunja kwatentha motani. Mulinso tizitsime tina ta mafuta, takufewetsa khungu kuti lisang'ambike. Ndipo kuda kwa khungu lathu si kwa cabe ai: muli cinthu cochedwa melanini, cimene cichinjiriza thupi ku mphamvu yoipa ya dzuwa, monga denga la udzu lichinjiriza a m'nyumba.

Koma nchito yoposa zonsezi ndiyo kumva. Mkazi akagwira mphika wotentha, dzanja licoka iye asanaganize. Mnyamata akaponda munga aima pomwepo, nauzula. Amene wakhala nthawi yaitali pampando wouma atembenuka yekha, osadziwa kuti khungu ndilo lamuuza. Pa zinthu izi palibe amene ayamika. Tingodandaula kuti, Mayo ine, ndapsa! Tsono tione za anthu amene kuwawa kumeneku kunawacokera.

Cimene khate licita

Mu 1873 dotolo wina wa ku Bergen m'dziko la Norway, dzina lace Gerhard Armauer Hansen, anapeza kacirombo kocititsa khate. Kufikira pamenepo anthu a maiko ambiri anayesa kuti nthendayi ndi temberero, kapena ya kumtundu, kapena ya kulodzedwa. Kaciromboko kakula pang'ono pang'ono, ndipo munthu akhoza kukhala nako zaka 5, nthawi zina kufikira 20, asanaone cizindikiro. Kakonda mbali zozizira za thupi, nikaononga mitsempha imene iyenda pafupi ndi khungu, ya kumanja, kumapazi ndi kumaso. Mitsempha imeneyo ikafa, zinthu zitatu zitayika pamodzi: kumva, mphamvu ya tinyama tating'ono takuyendetsa zala, ndi thukuta. Dzanja losacita thukuta liuma gwa ngati cikopa ca ng'ombe coyanika padzuwa, likauma ling'aluka, ndipo pamng'alupo ndipo polowera tizirombo tina takucititsa mafinya.

Zaka zambiri madotolo omwe anakhulupira kuti khate lidya mnofu, ndi kuti zala zingobvunda zokha. Amene anatsutsa ici ndiye Paul Brand, Mngelezi wobadwira ku India mu 1914, amene anayamba nchito pa cipatala ca Vellore mu 1946. Iye anatsata odwala ace ku nchito zao, nayang'ana manja ao m'mawa ndi madzulo, nafunsa ciyambi ca cironda ciri conse. Anapeza kuti mnofu wao uli wabwino monga wa munthu wina ali yense. Wina anapsa ndi nyali osadziwa. Wina anagwira khasu tsiku lonse mpini uli ndi kamsomali. Wina anayenda ulendo wautali mwala uli m'nsapato. Ena anadzuka m'mawa nsonga ya cala palibe, ndipo kunadziwika kuti makoswe anali kuwadya usiku iwo ali m'tulo osamva kanthu. Cifukwa cace odwala pobwerera kwao anali kupatsidwa mwana wa mphaka.

Brand anasamukira ku Carville m'dziko la America mu 1966, ndipo kumeneko iye ndi anzace anayesa kupanga kuwawa kwa makina: zobvala m'manja ndi m'mapazi zokhala ndi tizitsulo takucenjeza munthu akapsinja kwambiri. Nchitoyo inalephera. Cifukwa cimodzi cinali cakuti munthu akafuna kutsiriza nchito yolemetsa anangozimitsa makinawo, natsiriza, nabvulala. Kuwawa kumene tinabadwa nako sikuzimitsika, ndipo m'menemo ndimo muli cifundo cace. Brand, kufikira imfa yace mu 2003, anaphunzitsa kuti kuwawa ndi mphatso. Ife sitinena kuti kuwawa konse ndi kokoma. Amene agona ndi nthenda yosacira adziwa bwino koposa ife. Tinena za mlonda uja wa pakhungu, amene apfuula msanga ngozi isanakule.

Lero khate licira. Mu 1981 bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza kupatsa odwala mankhwala osakaniza, ndiwo rifampicin, dapsone ndi clofazimine; amwedwa miyezi 6 kapena 12 monga mwa kukula kwa nthenda, ndipo kuyambira 1995 aperekedwa kwaulere. Amene wayamba kumwa mankhwalawa sapatsiranso anzace. Ndiponso anthu 95 mwa 100 sadwala khate angakhale atakomana ndi kaciromboko. M'dziko la Malawi munali midzi ya odwala khate pa Mua, pa Utale, pa Malamulo ndi pa Likwenu. Ndipo mu 1994 odwala anacepa kufikira osakwana mmodzi mwa anthu 10,000. Koma kucepa si kutha. Mu 2023 anapezeka odwala atsopano oposa 180,000 pa dziko lonse, ndipo m'zipatala zathu apezekabe caka ndi caka. Cimene tiyenera kumvetsa ndi ici: mankhwala apha kacirombo, koma mtsempha umene unafa kale saudzutsa. Munthu acira, koma dzanja lace likhala ladzanzi masiku onse a moyo wace.

Mwambo wa beseni ndi mwala

Potero munthu wotere aphunzitsidwa kucita ndi maso ace nchito imene khungu linali kumcitira. Tsiku ndi tsiku akhala pansi pamalo powala, nayang'ana manja ace mbali zonse, ndi pakati pa zala, ndi mapazi kunsi kwace. Kumene maso safika agwiritsa kalirole, kapena apempha mnzace. Afuna matuza, pofiira, potupa, ndi pamalo potentha koposa pena, pakuti pamenepo cironda ciri kuyamba m'kati. Atatero abviika manja ndi mapazi m'beseni la madzi osatentha, mphindi 20 kapena 30, kufikira khungu lamwa madzi. Pamenepo atenga mwala wokhakhala, napala khungu louma locindikala la m'mbali mwa ming'alu, pang'ono pang'ono, osafika pamwazi. Ndipo khungu likali lonyowa adzola mafuta, Vaseline kapena mafuta ophikira. Pano pali nzeru imene ambiri a ife sitidziwa: mafuta sanyowetsa khungu, madzi ndiwo afewetsa, ndipo nchito ya mafuta ndiyo kutsekera madziwo kuti asathawe. Kudzola pakhungu louma kale ndiko kutseka khola mbuzi zitaturuka. Potsiriza aongola zala cimodzi cimodzi, kuti zisapindike ndi kuuma.

Sizithera pabeseni. Munthuyo akulunga nsaru pa mpini wa khasu. Sagwira mphika wopanda cigamba m'manja. Sakhala pafupi ndi moto nthawi ya cisanu, pakuti ambiri apsa mapazi akuotha. Akutumula nsapato asanabvale. Ndipo akapeza cironda kuphazi apumula, angakhale munda ulikumdikira, cifukwa cironda cosawawa cicira ndi kupumula kokha pamodzi ndi kucitsuka. Amene zikope zace zinafoka ayang'ana maso ace m'kalirole, nakumbukira kuphethira dala, pakuti diso losamva pfumbi silidziwa kudzitsuka.

Tikaona munthu alikucita izi masiku onse, caka ndi caka, ticita manyazi. Iye adziwa mzere uli wonse wa m'dzanja lace, ndipo akaona kuti lero palibe cironda catsopano akondwa monga mlimi woona cimanga cace capulumuka kwa anyani. Ife amene alonda athu ali maso usana ndi usiku tithira madzi pathupi mothamanga, mtima uli kumsika.

Mmodzi wa khumi aja

Mlaliki Luka, pa mutu 17, asimba za amuna 10 odwala nthenda ya khungu, amene anakomana ndi Ambuye Yesu pa malire a Samariya ndi Galileya. Iye anawatuma kwa ansembe, ndipo ali m'njira anacira onse. Koma wakubwerera kudzayamika anali mmodzi yekha, ndiye Msamariya. (Tikumbutse pano kuti mau akuti khate m'mabuku a Mose anena za nthenda zambiri za khungu, ndi nkhungu ya pazobvala ndi pamakoma yomwe, cifukwa cace palibe amene ayenera kutenga malamulo aja ndi kupitikitsa nao wodwala wa lero kumpando wa m'kacisi.) Asanu ndi anai aja sitiwayesa anthu oipa. Anali ndi akazi ndi ana amene sanawakhudze zaka zambiri, ndipo miyendo inathamangira kumene mtima unali. Cimene cisiyanitsa Msamariyayo ndi cakuti anayamba waima ndi kuona cimene cacitika pathupi pace, ndipo kuonako kunambweza. Ciyamiko ciyamba ndi maso. Munthu sayamika cinthu cimene sanacione.

Tsono nthawi ya kusamba ndiyo nthawi imodzi pa tsiku imene munthu ali yekha ndi thupi lace, wopanda womuitana. Tilangiza kuti isatayike. Potsuka mapazi tikumbukire mtunda umene ayenda lero, kucigayo, kudimba, kumaliro. Potsuka manja tione ngati amva kuzizira kwa madzi, ndipo ngati amva, tiyamike Mlengi pomwepo, ndi mau ocepa, osadikira Sabata. Ambiri tiri ndi kacipsera pamkono, ka katemera wa BCG amene tinalandira tiri makanda cifukwa ca cifuwa cacikuru. Ofufuza a ku Karonga, amene anayamba nchito yao mu 1979, anaonetsa kuti katemera yemweyo acepetsa khate ndi theka. Kacipsera kameneko ndi mboni ya mai amene anatibereka kumsana kunka kucipatala, kapena pamvula, ife osadziwa kanthu. Ndipo amai posambitsa ana angathe kuchula zinthu izi mokweza, kuti mwana akule akudziwa kuti thupi lace ndi cinthu colandira.

Kusamala kwace sikufuna ndalama zambiri. Sopo wa ufa wocapira zobvala asakhudze khungu, pakuti acotsa mafuta ace onse. Madzi otentha kwambiri acita cimodzimodzi. Pakati pa zala za kumapazi papukutidwe bwino, koma thupi lonse lidzoledwe likali ndi cinyezi. Nsaru yopukutira ndi cisa ca tsitsi asabwerekane ana, cifukwa ndimo ziyenda zipere. Ndipo mphere zikalowa m'nyumba, a m'nyumbamo alandire mankhwala onse pamodzi, ndi zofunda zicapidwe, pakuti kuciza mmodzi yekha ndiko kutunga madzi ndi dengu. Agogo athu anakazinga nsatsi, nazisinja, naziphika, nayengula mafuta oyandama pamwamba; khungu lao linali see, popanda botolo la kusitolo. (Njere za nsatsi zokha ziri ndi ululu wakupha, ndipo zisungidwe kutali ndi ana.) Vaseline, imene Robert Chesebrough wa ku America anailembetsa mu 1872, icita nchito yomweyo, ndipo mafuta ambiri a mtengo wapatali saiposa kwambiri koma pfungo lokha.

Za mafuta oyeretsa khungu

Pali kudzola kwina kumene sitingakuleke osakunena, pakuti kwalowa ndi m'mabanja a Akristu omwe. Ndiwo mafuta ndi sopo zoyeretsa khungu, zogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi. Ambiri a iwo ali ndi cimodzi ca zinthu zitatu. Hydroquinone iletsa khungu kupanga melanini. Poyamba nkhope iyera, koma pakupita miyezi ndi zaka paoneka mawanga akuda bii pamasaya, osacoka ndi mankhwala. Mankhwala amphamvu ochedwa steroid, amene dotolo apereka masiku owerengeka pa nthenda yodziwika, akadzoledwa thupi lonse caka cathunthu apyapyalitsa khungu, kotero kuti ling'ambika mizere, ndi bala silipola msanga. Ndipo alowa m'mwazi, nakweza shuga. Cacitatu ndi mercury, imene iononga impso ndi ubongo, nifika kwa mwana ali m'mimba. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kuwacotsa m'masitolo mu 2018. Koma malonda ace sanathe, cifukwa ogula alipo.

Sitidzudzula akazi okha. Mtsikana sadzuka m'mawa ndi kuyamba kudana ndi nkhope yace popanda womphunzitsa. Anamva amuna akutama woyera, anamva azakhali akunena pa mwana wakhanda kuti, Koma uyu ndiye wada. Ndipo mau otere akhala mumtima zaka zambiri. Amene alankhula cotero ndiye anayamba kupala khungu la mwanayo, mafuta asanagulidwe.

Kuti tidziwe mtengo wa melanini tifunse abale athu acialubino, amene anabadwa alibe. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu otere 134,636 m'Malawi. Kwa iwo dzuwa limene ife tilima nalo liocha khungu, ndipo zironda za dzuwa zisanduka khansa imene ipha ambiri akali anyamata. Ayenera kudzola mafuta ochinga dzuwa masiku onse, ndi pa tsiku la mitambo lomwe, ndi kubvala cipewa cotambalala ndi malaya a manja atali. Mphunzitsi amene ali ndi mwana wotere m'sukulu mwace asamuimike pabwalo masana, ndipo amlole kubvala cipewa cace angakhale malamulo a yunifolomu anena zina.

Amene sakhoza kudziyang'ana okha

Dzanzi la kumapazi siliri la khate lokha. Nthenda ya shuga, imene icuruka masiku ano m'midzi ndi m'matauni, ipha mitsempha ya kumva momwemo, ndipo anthu ambiri adulidwa mwendo cifukwa ca kathuza kamene kanayamba ndi nsapato yothina. Wodwala shuga ayang'ane mapazi ace madzulo onse monga acita wocira khate, awatsuke, awapukute pakati pa zala, awadzole, ndipo asayende wopanda nsapato. Koma kubviika mapazi nthawi yaitali ndi kupala ndi lumo asacite, ndipo cironda ciri conse apite naco kucipatala msanga. Nkhalamba zambiri sizikhoza kuwerama kufikira kumapazi, ndi maso omwe acita khungu. Akuru a Mpingo ndi amai amene ayendera odwala, atatha kupemphera, apemphe beseni, naone mapazi a agogowo. Kawiri kawiri adzapeza zikhadabo zolowa m'mnofu, matekenya, kapena cironda cimene mwini wace sacidziwa.

Ndipo wina akaona pathupi pace, kapena pa mwana wace, banga lotuwa kapena lofiirira, losayabwa, losacita thukuta, pamene ubweya wathothoka, ayese cotere: wodwalayo atsinzine, mnzace atenge kathonje kopota nsonga, namkhudze nako pakhungu labwino ndi pabangapo mosinthanitsa, wodwalayo naloze ndi cala pamene wamva. Ngati pabangapo samva kanthu, asataye masiku ndi mankhwala a zipere kapena kutema mphini. Apite kucipatala ca boma sabata lomwelo, nanene kwa dotolo kuti bangalo liri ladzanzi, ndipo a m'nyumba mwace apite naye kuti akaonedwe iwonso.